Laibulale Itasamukira Kumsika

Aliyense amene anakonzapo maphunziro a anthu akuluakulu amaidziwa nkhani ya mipando. Chipinda chasesedwa, mipando 30 yayalidwa, zidziwitso zamatidwa pakhomo ndi pamtengo, mphunzitsi wafika nthawi yabwino atanyamula zolemba zake. Nthawi ikakwana mumalowa anthu asanu. Sabata yotsatira amabwera atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo wangobwera kudzapepesa kuti sadzatha kupitiriza. Pamsonkhano wa ogwira ntchito mlandu umagwera anthu amene sanabwerewo: sakonda kuphunzira, ndi aulesi, mitu inauma kale. Nkhani ino ikutsutsa chigamulo chimenechi. Umboni wake ukuchokera kum'mawa kwa mzinda wa London, m'dera la Tower Hamlets, komwe akuluakulu a khonsolo anatopa ndi kudandaula za anthu osabwera n'kupita kukawafunsa okha.

Tower Hamlets ndi dera la nkhope ziwiri. Mbali imodzi kuli Canary Wharf, nyumba zitalizitali zagalasi momwe muli mabanki otchuka padziko lonse. Munthu akayenda pang'ono amafika ku Poplar, Stepney ndi Whitechapel, komwe umphawi wakhala ukuposa wa madera ambiri a ku England kwa zaka zambirimbiri. Ndi dera la obwera kuyambira kalekale. Kunafika Afalansa achipulotesitanti othawa chizunzo kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, kunafika anthu a ku Ireland, kunafika Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako anthu a ku Bangladesh, ambiri a iwo ochokera chigawo cha Sylhet, ndiponso a ku Somalia. Lero pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'derali ali ndi mizu ya ku Bangladesh.

M'dera lotere anthu ofunika maphunziro a akuluakulu sasowa. Pali wobwera amene Chingerezi sachimva, palinso wobadwira konko amene anatuluka sukulu osatha kuwerenga kalata yochokera kuchipatala. Ambiri amadabwa kumva kuti ku England kuli akuluakulu ovutika kuwerenga, koma mu 1999 komiti yotsogozedwa ndi Sir Claus Moser inatulutsa lipoti lonena kuti alipo pafupifupi 7 miliyoni, kutanthauza wamkulu mmodzi mwa asanu alionse. Chitsanzo chimene lipotilo linapereka n'chosaiwalika: munthu wotere akapatsidwa buku la manambala a foni a mabizinesi n'kuuzidwa kuti apeze tsamba la mapulambala, salipeza. Mpope waphulika, madzi akusefukira m'khitchini, buku lili m'manja, koma sakudziwa potsegula.

Komabe malaibulale a m'derali, amene anali opitirira 10, ankakhala pululu. Cha m'ma 1998 anthu amene ankawagwiritsa ntchito sankakwana mmodzi mwa asanu alionse, pamene m'dziko lonse la Britain opitirira theka la anthu ankalowako ku laibulale. Pa chaka chathunthu malaibulale onsewo pamodzi ankalandira maulendo pafupifupi 550,000 okha.

Nyumba zake zinali zokongola ndithu. Zambiri zinamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, zina ndi ndalama za anthu achuma okonda maphunziro monga John Passmore Edwards ndi Andrew Carnegie. Koma zinamangidwa pomwe anthu a nthawi imeneyo ankadutsa. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atagwa, nyumba zakale zitagwetsedwa, madoko a sitima zapamadzi atatsekedwa, njira za anthu zinasintha, laibulale n'kutsala pomwe inali. Pakhomo panali masitepe amiyala ndi chitseko cholemera chimene mayi wokankha ngolo ya mwana, kapena munthu wa pa njinga ya aulumali, sakanalimbana nacho. Munthu ali panja sankaona zimene zikuchitika mkati. Maphunziro a akuluakulu nawonso ankayendetsedwa ndi ofesi ina, m'nyumba zina, kawirikawiri m'sukulu zakale. Bambo wa zaka 45 amene sukulu inamukana ali mwana, amene amakumbukirabe mmene anzake ankamusekera akalephera kuwerenga pa bolodi, ankapemphedwa kubwerera ku mpanda wonga womwewo, kudutsa pageti, kumva fungo lomwe lija la m'kalasi, mdima utagwa. Ambiri ankangodutsa.

Apa ndi pamene khonsolo inachita chinthu chimene mabungwe ambiri amachizemba. Bungwe likafuna kudziwa mmene likuchitira limakonda kufunsa anthu amene ali kale mkati. Kapepala ka mafunso kamaikidwa pa kauntala, odzaza ndi omwe amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo mayankho amatuluka okoma m'khutu. Wowerenga wokhulupirika amapempha mabuku atsopano ndi mpando wofewa, koma sangafotokoze chifukwa chimene mnansi wake sanapondepo phazi pakhomopo. A ku Tower Hamlets anatuluka panja. Anafunsa anthu m'misewu, m'makomo ndi m'magulu okambirana, ndipo anafunafuna mwadala aja amene laibulale sankapitako n'komwe. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo khonsoloyi inali italidya phulalo zaka zambiri.

Mayankho anadabwitsa ofunsawo. Pafupifupi onse, ngakhale osabwerawo, anati laibulale ndi chinthu chofunika kwambiri. Chidani ndi mabuku panalibe. Anthu anapempha mabuku abwino, makompyuta, maola otalikirapo ndiponso kutsegula Lamlungu. Koma yankho limene linkamveka mobwerezabwereza linali la malo: laibulale ikhale pomwe amagula zinthu, kuti ulendo umodzi uzikwanira zonse.

Mutu wa nkhani uli pa yankho limeneli. Mwana wasukulu amakhala ndi ulendo umodzi patsiku, ndipo wina anamukonzera kale. Tsiku la munthu wamkulu ndi la zidutswazidutswa: kuperekeza mwana, kuthamangira kuntchito, kupita ndi agogo kuchipatala, kukagula ndiwo, kukalipira magetsi. Ulendo wapadera, wokwera basi ziwiri, wopita kumalo kumene kulibe china chilichonse chochita, ndi umene umayamba kufafanizidwa mvula ikagwa kapena m'thumba mukapepuka. Okonza maphunziro amataya nthawi yambiri pokongoletsa chidziwitso, kusankha mitundu ya zilembo ndi kuchulukitsa mapepala omata, ngati kuti vuto ndi lakuti anthu sanamve. Nthawi zambiri anthu anamva, n'kuwerengera mtunda, nthawi ndi ndalama ya basi, n'kupeza kuti sizikutuluka.

Mu 1999 khonsolo inatulutsa ndondomeko yolimba mtima. Malaibulale akale ambiri atsekedwe, malo ophunzitsira akuluakulu aphatikizidwe ndi malaibulale pansi pa denga limodzi, ndipo nyumba zatsopano 7 zimangidwe pamisika ndi pafupi ndi masupamaketi. Anazipatsa dzina lakuti Idea Store, dzina lomveka ngati la sitolo, zimene zinakwiyitsa ena okonda laibulale yachikale mpaka kulemba m'manyuzipepala kuti mabuku asandutsidwa malonda. Yoyamba inatsegulidwa ku Bow mu 2002, pafupi ndi msika wa Roman Road. Ya Chrisp Street inatsatira mu 2004, yomangidwa pamwamba pa masitolo a pamsika wa ku Poplar, kenako ya Whitechapel mu 2005. Mu 2006 ina inalowa mkati mwenimweni mwa masitolo a ku Canary Wharf, komwe oyeretsa maofesi ndi alonda amadutsa limodzi ndi akuluakulu a mabanki.

Ya Whitechapel ndi imene ikuonetsa bwino maganizo onsewa. Anaijambula ndi David Adjaye, katswiri wa mapulani a nyumba wobadwira ku Dar es Salaam kwa makolo a ku Ghana, yemwenso anajambula ya Chrisp Street. Ili pa Whitechapel Road, msewu umene m'mbali mwake mwandandalika mabenchi a malonda: therere, tsabola, nsomba, nsalu, masikafu, zotchingira mafoni. Kumbuyo kwake kuli supamaketi ya Sainsbury's, kutsidya kwa msewu kuli chipatala chachikulu cha Royal London, siteshoni ya sitima ili pafupi, ndipo mzikiti waukulu wa East London uli pamsewu womwewo. Mayi amene wachokera kuchipatala, n'kugula ndiwo pamsika, amapezeka ali pakhomo la laibulale jumbo ili m'manja, asanaganize n'komwe zopitako.

Nyumbayo ndi ya nsanjika zisanu, makoma ake agalasi lamizere yobiriwira ndi yabuluu, mitundu yokumbutsa malona amizeremizere ofolera mabenchi a pamsikawo. Nsanjika zam'mwamba zimatulukira pamwamba pa njira ya oyenda pansi, moti wodutsa amakhala ngati walowa kale. Mkati, zipinda zophunziriramo sanazisonkhanitse kukona imodzi kapena kuzitsekera pansi. Anazimwaza pakati pa mashelefu a mabuku, pansanjika zosiyanasiyana. Anaikamo chipinda chovinira, chipinda chosungiramo ana pamene makolo ali m'kalasi, ndipo malo omwera tiyi anawaika pamwamba penipeni, pomwe munthu amaona madenga a mzinda. Kuika tiyi pamwamba inali nzeru ya wamalonda: wofuna kapu ya tiyi amadutsa mashelefu, makompyuta ndi makalasi asanaipeze. Mu 2006 nyumbayi inafika m'ndime yomaliza ya Stirling Prize, mphotho yaikulu ya zomangamanga ku Britain.

Maola nawo anasintha. M'zaka zimenezo ma Idea Store ankatsegula masiku onse 7 a sabata, maola 71: kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku Lolemba mpaka Lachinayi, mpaka 6 koloko Lachisanu, mpaka 5 koloko Loweruka, ndiponso maola 6 Lamlungu. Chofunika pamenepa si kuchuluka kwa maola kokha. Maolawo anali ofanana paliponse ndiponso osavuta kukumbukira. Laibulale imene imatseka Lachitatu masana, n'kutsegula theka la tsiku Loweruka, n'kutsekanso nthawi ya nkhomaliro, imaphunzitsa anthu chinthu chimodzi: kuti akapita angakapeze loko. Wogwira ntchito ya mashifiti akapeza loko kawiri, kachitatu sabweranso.

Panalinso zinthu zing'onozing'ono zosadya ndalama. Zikwangwani zoletsa zinachotsedwa. Munthu ankaloledwa kumwa tiyi, kudya kanthu, kuyankha foni, malinga asasokoneze anzake. Ogwira ntchito anavala yunifomu yoti aziziwika msanga, anachoka kuseri kwa kauntala n'kumayendayenda pakati pa anthu. Izi zingaoneke zachabe kwa munthu wozolowera mabuku. Koma amene sadziwa kuwerenga bwino, akangolowa n'kukumana ndi khoma lodzaza zilembo zikuluzikulu zofiira, amadziwa kuti akuletsedwa kanthu ngakhale sakudziwa kuti n'chiyani, ndipo amabwerera pakhomo pomwepo poopa kulakwa pagulu.

Izi zikufikitsa nkhaniyi pa chinthu chimene sichituluka pa pepala la mafunso, chifukwa palibe amene amakonda kuchitchula: manyazi. Wamkulu wosadziwa kuwerenga amakhala katswiri wobisa. Waiwala magalasi kunyumba, dzanja likumupweteka, fomuyo akadzazira kunyumba. Ena amabisira ngakhale akazi awo ndi ana awo kwa zaka. Ku Britain anayamba kulimbana ndi manyazi amenewa poyera mu 1975, pamene wailesi ya kanema ya BBC inayamba kuonetsa pulogalamu ya mphindi 10 yotchedwa On the Move, Lamlungu madzulo, nthawi imene banja lonse lili pakanema. Bob Hoskins, amene pambuyo pake anatchuka m'mafilimu, ankasewera ngati Alf, bambo wosamutsa katundu wa m'nyumba pa lole, wanthabwala, wamphamvu zake, koma wovutika kuwerenga ndiponso woopa kalasi. Pulogalamuyo inkaonetsa nambala ya foni yoti munthu aimbe mwakachetechete n'kulumikizidwa ndi mphunzitsi wa kufupi ndi kwawo. Anthu masauzande ambiri anaimba. Chinawakoka chinali chakuti Alf sanali chitsiru, ndiponso kuti poimba foni palibe mnansi amene ankaona.

Kuphatikiza laibulale ndi makalasi kunagwira ntchito yomweyo mwa njira ina. Nyumba imene pakhomo pake palembedwa kuti ndi ya ophunzira kulemba ndi kuwerenga imaulula chinsinsi cha aliyense wolowamo. Koma m'nyumba imene ena akudzawerenga nyuzipepala, ena akudzagwiritsa ntchito intaneti, ena akudzavina, kusoka, kuphika kapena kuphunzira Chisipanishi, palibe angadziwe chimene bambo uja walowera. Amalowa ngati wina aliyense. N'chifukwa chake maphunziro osangalatsa, amene oyang'anira chuma amakonda kuwadula poyamba powaona ngati masewera, ali ndi ntchito yaikulu kuposa mmene amaonekera. Amabisa ophunzira amanyazi pakati pa gulu, komanso ndi khomo lolowera: amene wabwera kudzaphunzira kusoka amadziwana ndi mphunzitsi, amazolowera nyumbayo, ndipo tsiku lina amafunsa za kalasi ya masamu kapena ya Chingerezi popanda kuyamba ndi kuulula kwa mlendo wa pa kauntala. Ma Idea Store amakhala ndi maphunziro mazanamazana pachaka, kuyambira a Chingerezi cha obwera mpaka a kompyuta, a zaumoyo ndi a luso la manja.

Wina anganene kuti galasi limaonetsa wophunzirayo kwa aliyense wodutsa, ndiye manyazi achepa bwanji? Funsoli n'lomveka, ndipo galasi lilidi ndi mbali ziwiri. Limathandiza woima panja, amene amaona anthu amsinkhu wake, ovala ngati iye, atakhala mozungulira tebulo akuseka, n'kuzindikira kuti kalasi ya akuluakulu si ya madesiki a mizere ndi mphunzitsi wa ndodo. Koma kalasi ya oyamba kumene zilembo imafuna chipinda chobisika pang'ono, ndipo woyang'anira wanzeru amadziwa kalasi yoika poonekera ndi yoika mkati.

Mabuku nawo amatha kuthamangitsa munthu. Bambo wa ndevu zake akapatsidwa kabuku ka kalulu wovala kabudula kuti aphunzirepo kuwerenga, amamva kunyozeka, ndipo sangakatsegule m'basi. Mu 2006 ku Britain anayambitsa Quick Reads, mabuku aafupi olembedwa ndi alembi otchuka m'chilankhulo chosavuta, nkhani zake zachikulu, za upandu, za chikondi, za mpira, chikuto chake chosasiyana ndi cha mabuku ena onse. Malaibulale amawaika poonekera, ndipo wowabwereka saoneka ngati wophunzira.

Zotsatira zake ku Tower Hamlets zinaoneka msanga. Maulendo obwera ku malaibulale anakwera kuchoka pa 550,000 kufika popitirira 2 miliyoni pachaka, pa nthawi imene m'madera ambiri a Britain chiwerengerochi chinkatsika. Olembetsa maphunziro nawo anachuluka, ndipo akatswiri a malaibulale ochokera m'mayiko osiyanasiyana anayamba kubwera kudzaona.

Pamenepa pafunika kusamala, chifukwa ziwerengero za pakhomo zimanyenga. Kamakina kowerenga anthu olowa sikasiyanitsa wobwera kudzaphunzira ndi wothawa mvula. Kudzaza nyumba ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo, lovuta kwambiri, ndi kusunga wophunzira mpaka sabata yachisanu ndi yachikhumi, pamene chidwi choyamba chazilala, mwana wadwala, bwana wasintha shifiti, ndipo wophunzira amene wajomba kawiri akuchita manyazi kubwerera poganiza kuti anzake amusiya kutali. Apa nyumba yokongola siithandiza kanthu. Chimathandiza ndi mphunzitsi amene amaimba foni kapena kutumiza uthenga tsiku lomwelo munthu akajomba, mosakalipa, kungomuuza kuti mpando wake ulipo. Chimathandiza ndi chipinda cha ana, chifukwa kwa amayi ambiri funso la yemwe atsale ndi mwana limabwera patsogolo pa funso la zimene akaphunzire. Chimathandizanso ndi phunziro limene munthu amatulukamo tsiku loyamba lomwelo ali ndi kanthu kogwiritsa ntchito mawa lake: kudzaza fomu ya kuchipatala, kuwerenga uthenga wa kusukulu ya mwana, kutumiza chithunzi kwa m'bale wa ku Sylhet. Mwana amapirira zaka asanaone phindu la sukulu chifukwa alibe kochitira. Wamkulu akapanda kuona phindu msanga amabwerera ku zimene anasiya.

Anthu a ku Sweden anatulukira mbali ina ya nkhaniyi kalekale. Mu 1902, mumzinda wa Lund, Oscar Olsson anayambitsa kagulu kophunzira pakati pa mamembala a bungwe lolimbana ndi uchidakwa. Anthu ochepa ankakumana kawirikawiri, popanda mphunzitsi wa satifiketi, n'kumawerenga ndi kukambirana, ndipo mabuku amene ankagula ankawasonkhanitsa n'kukhala laibulale ya gululo. Timagulu totere tinafalikira dziko lonse ndipo tilipo mpaka lero. Mphamvu yake ndi yosavuta kuimvetsa. M'holo ya anthu 100 wojomba sadziwika. Pa tebulo la anthu 8 amene amadziwana mayina, mpando wopanda munthu umafunsidwa, ndipo mawa lake wina amagogoda pakhomo.

Kenako pali nkhani ya fizi, imene a Tower Hamlets sakanaithetsa okha. Mu 2001 boma la Britain, potsatira lipoti la Moser, linayambitsa ndondomeko ya Skills for Life, ndipo maphunziro a Chingerezi kwa obwera anakhala aulere. Makalasi anadzaza mpaka anthu kumadikira pamzere. Mu 2007 ufulu wophunzira mwaulere kwa aliyense unachotsedwa, ndipo mu 2011 malamulo anakhwimitsidwanso moti thandizo lonse linkapita makamaka kwa olandira ndalama za boma zothandizira ofuna ntchito. Mayi wolera ana pakhomo, amene dzina lake silili pamndandanda wa ofuna ntchito, ndiye anapwetekeka kwambiri, chonsecho ndi amene kalasiyo ankaifunitsitsa. Pakati pa 2009 ndi 2016 ndalama za boma za maphunziro amenewa ku England zinatsika ndi theka n'kupitirira, ndipo ophunzira nawo anachepa. Amene angaone chiwerengero chotsikacho osadziwa mbiri yake anganene kuti obwera safuna kuphunzira Chingerezi, pamene chimene chinasintha ndi mtengo.

Kwa Amalawi zambiri mwa izi si zachilendo. Sukulu za kwacha, zimene pulogalamu ya boma inazifalitsa dziko lonse kuyambira mu 1986, zimadzaza ndi amayi, abambo n'kumaonerera patali. Bambo amene amalemekezeka pamudzi sangakhale pamkeka umodzi ndi mkazi wake, mwinanso apongozi ake ali pomwepo, n'kumalephera kulemba dzina lake onse akuona. Dzinja likafika, makasu akatuluka, kalasi imaphwa. Malaibulale a National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, amayendetsedwa ndi ofesi ina, sukulu za kwacha ndi ofesi inanso, monga zinalili ku Tower Hamlets poyamba paja. Nyumba yagalasi ya nsanjika zisanu si imene ingatengedwe ku London. Chotengeka ndi funso lija: kodi anthu amene akufunidwawo amapezeka kuti kale, tsiku liti, nthawi yanji? Amapezeka pa tsiku la msika, kuchigayo, kusikelo ya ana, kutchalitchi ndi kumzikiti akaweruka, pa banki m'khonde pomwe aliyense amafuna kudziwerengera yekha zimene mlembi walemba m'kaundula. Bokosi la mabuku ndi mphunzitsi zikafika pamalo oterowo, palibe ulendo wapadera wofunika, ndipo bambo amene wabwera kudzamva za mtengo wa feteleza kapena za kutumiza ndalama pafoni sakhala ndi choti afotokozere anzake.

Kusintha kwa ku Tower Hamlets kunali ndi mtengo wake, ndipo sikoyenera kuubisa. Laibulale yakale ya Whitechapel, imene inatsegulidwa mu 1892 ndi ndalama za Passmore Edwards, inali ndi mbiri imene nyumba yatsopano singagule. Ayuda osauka obwera kumene ankadzaza chipinda chake chowerengeramo, ena pofuna nzeru, ena pothawa kuzizira kwa m'zipinda zawo zothinana, mpaka anthu anaitcha yunivesite ya anthu a m'dera la amphawilo. Isaac Rosenberg, wandakatulo ndi wojambula amene anafera kunkhondo mu 1918, ankakumana ndi anzake kumeneko. Jacob Bronowski, amene anafika ku England mu 1920 ali mnyamata wosadziwa Chingerezi n'kudzakhala katswiri wa masamu ndi wofotokoza sayansi pakanema, anadutsanso m'chipinda chomwecho. Laibulaleyi inatsekedwa mu 2005, nyumba yake n'kukhala mbali ya Whitechapel Gallery. Anthu anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa. Chimene chingayankhidwe n'chakuti m'nthawi yake laibulale yakaleyo inkadzaza pa chifukwa chomwecho chimene yatsopano ikudzazira: inali panjira ya anthu osauka, yotentha m'nyengo yozizira, yaulere, yosafunsa munthu chimene wabwerera.

Pa nyumba 7 zimene zinalonjezedwa, zinamangidwa zisanu. Malaibulale ena akale, monga ya Bethnal Green ndi ya Cubitt Town, imene Carnegie anapereka ndalama zake ndipo inatsegulidwa mu 1905, anatsala akugwirabe ntchito. Mu 2009 khonsolo inaunikanso ndondomeko yake n'kuika mtima kwambiri pa zinthu ziwiri zimene zimasautsa anthu a m'derali, kusowa ntchito ndi matenda, moti makalasi okonzekeretsa anthu kufunsira ntchito ndi a zaumoyo anapatsidwa malo aakulu. Idea Store yachisanu inatsegulidwa ku Watney Market mu 2013, m'zaka zimene makhonsolo a ku Britain ankadula ndalama mwankhanza, moti pakati pa 2010 ndi 2019 malaibulale pafupifupi 800 anatsekedwa m'dzikolo. Ndi yaying'ono poyerekeza ndi ya Whitechapel, yomangidwanso pakhomo la msika, ndipo m'nyumbamo anaikamo kauntala ya khonsolo, komwe anthu ankakafunsa za nyumba, za misonkho ndi za ziphaso zoimikira galimoto. Wobwera ndi kalata ya lendi imene sakuimvetsa ankadikira nambala yake m'nyumba yomwe munali kalasi ya Chingerezi ndi munthu wolembetsa ophunzira.